Musatenthe Sutikesi ya Bambo

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Mwendo wa amayi uja ukuwasautsabe? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima sukukhazikika mpang'ono pomwe.

Ntchito ndi yomwe ija mumandiseka nayo, yofukula nkhani za anthu akufa. M'mawa uliwonse ndimalowa m'chipinda chosungiramo zolemba zakale, chozizira ngati m'firiji, n'kuvala magolovesi kuti thukuta lisadetse mapepala. Ndikuwerenga makalata a anthu a kum'mawa kwa Asia amene kalekale anasiya kwawo kukagwira ntchito m'madoko ndi m'mafakitale akutali, ndi mmene ankamangira chimodzi kunyanyala ntchito akatopa ndi nkhanza. Aprofesa amene amandiyang'anira akuti buku langa la nkhani zimenezi lithe chaka chino. Maso anga atha ndi zilembo zawo zija!

Sabata yatha ndinapeza makalata a bambo wina kwa mwana wake wamkazi. Pena mbewa zinadya, pena madzi anafufuta. Mzere umodzi ndinalimbana nawo masiku atatu, osautulukira. Woyang'anira chipindacho anandiuza kuti makalata ambiri otere anatenthedwa ndi abale posesa m'nyumba. Ndinatuluka panja n'kuzungulira nyumba yosungiramo zolembayo kawiri ngati wamisala.

Ndiye dzulo achimwene andiuza pafoni kuti mukuwatenga amayi kuti azikhala kwanu, ndipo mapepala onse a m'chipinda cha malemu bambo muwatentha mwezi ukamatha. Ndakuimbirani kangapo, simukuyankha. Ndikudziwa munakwiya chifukwa sindinabwere kumaliro, n'chifukwa chake ndapatsira kalatayi mnzanga amene akubwera kumeneko.

Pempho langa ndi limodzi. Pansi pa bedi la bambo pali sutikesi yofiirira yothyoka loko. M'menemo muli makalata amene bambo ankalembera amayi ali kumigodi, omanga ndi chingwe cha nsapato. Chonde achemwali, musawatenthe, madzi akatayika saoleka. Musawanyowetsenso powapukuta, ingowaikani m'katoni pamalo pouma.

Kaya simundiyankha, palibe kanthu, mkwiyo wanu ndi woyenera. Koma mawu a bambo amene atsala ndi omwewo basi, ndipo ndikuchita manyazi kunena kuti sindinawerengepo ngakhale kalata imodzi.

Mundiperekere moni kwa amayi, azakhali, alamu ndi ana onse.

Ndine mng'ono wanu wosamva uja,
Mzime