Kiliti ya a Murdo idzafika mochedwa

Aphungu,

Mutu wanga waima. Mwana wathu Mairead akukwatiwa mu Juni, koma bambo ake, a Murdo, akudwala khansa. Adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti chaka chino mwina sachimaliza.

Kiliti yawo yakale, chovala chonga siketi chimene amuna kuno kwathu amavala pa maukwati, inadyedwa ndi njenjete. Ndinawapezera ina m'sitolo ku Inverness, yotchipa, yongovala lero lomwe. Atangoigwira anaiponya pampando. "Mayi, iyi ndi ya alendo odzajambulitsa. Kamphepo kakangowomba pakhomo la tchalitchi, mpingo wonse udzaona zimene munakwatiwa nazo." Ndinaseka, kenako ndinakalirira kubafa.

Iwo akufuna yaubweya weniweni, yolemera, yosokedwa pamanja, yamizere ya fuko lawo. Nsalu yake ndi yochita kuwombetsa, moti telala akuti idzatha mu Seputembala, ukwati utapita kale. Mtengo wake ukumeza zonse zimene tinasungira maliro. Chimene chandithetsa nzeru n'chakuti tsiku loyeza anatenga mwana wathu wamwamuna, Fergus, n'kuuza telala kuti ayeze iyeyo. "Ine ndaonda, tepi ingakunamizeni," anatero. Chonsecho Fergus ndi wamtali kuposa bambo ake!

Kodi matendawa afika kumutu? Ndiwaletse? Ndikusowa tulo.

I. M., Dingwall

Mayi I. M.,

Mutu wa amuna anu uli bwinobwino, ndipo ndikukhulupirira kuti pansi pa mtima inunso mukudziwa. Kilitiyo si ya ukwati ayi. Akudziwa kuti sadzaivala. Akufuna kusiyira Fergus chinthu choti adzavale mpaka imvi, ndipo yotchipa ija singapirire zaka zimenezo. Pepani, n'zowawa, koma sindingakupakeni mafuta pakamwa.

Musawaletse. Yotchipayo kabwezeni kusitolo, ndipo mupemphe telala kuti muzilipira pang'onopang'ono. Za maliro musazisenze nokha, abale alipo, mutu umodzi susenza denga. Ya tsiku la ukwati kachiteni lendi, yaubweya wabwino, yoyezedwa pa thupi lawo la lero. Akadzanyinyirika asiyeni anyinyirike, bola avale.

Chachikulu ndi Mairead. M'kalata yanu simunanene kuti mwamuuza zimene adokotala ananena. Muuzeni sabata ino, ndipo mukambirane ndi abusa zosendeza tsikulo kufupi. Akadzamva mochedwa sadzakukhululukirani, ngakhale munabisa chifukwa chomukonda.

Chenjerani, mayi, musatayire masiku otsalawa pokangana za nsalu. Fergus angathe kudikira Seputembala. A Murdo musawadikiritse mpaka Juni.

Aphungu