Theka la Nkhumba Lili M'makina a Poka

Aphungu,

Musandiyambe ndi ulaliki, wakunyumba wandikwana kale. Chimene ndikufuna kwa inu ndi mayina a mabuku kapena malo a pa intaneti komwe munthu wongoyamba kumene angaphunzire kusewera bwino makina a poka. Ndatsala ndi masabata atatu okha.

Ndine bambo wa zaka 52 ndipo ndimakonza mafiriji, choncho makina ndimawadziwa. Ndinayamba kusewera chaka chatha m'kabala ka pafupi ndi siteji ya basi, momwe muli makina atatu kuseri kwa katani. Anandilowetsa ndi a kum anga, a Svetozar, amene anali mboni pa ukwati wanga n'kudzaimiranso ana anga pa ubatizo. Mukudziwa nokha: kumwamba Mulungu, pansi pano a kum. Munthu sawakanira.

A Svetozar anandigulitsa kope lawo la maphunziro, lolemba pamanja, pamtengo wachibale. Mfundo yake njomveka. Makina ali ngati mimba, akadya kwambiri ayenera kusanza. Ndiye sumangofikira pampando ayi. Umaima kumbuyo kwa amene akusewera n'kumalemba zonse zimene makina akumeza. Iye akaluza n'kunyamuka, iwe ndi pomwe umakhalapo, makina atapsa. Masiku ena ndimaima maola anayi osasuntha, mpaka mayi wogulitsa khofi anandifunsa kuti, "Kodi akulembani yaulonda?"

Sanasanzebe, koma a kum akuti atsala pang'ono. Iwo sangaphonye, chifukwa mwini bala amawakhulupirira moti ndi amene amasunga kiyi n'kumatsegula makinawo Lolemba lililonse.

Tsono vuto nali. Pa 21 Novembala ndi slava yathu, phwando la banja lokumbukira Mikaeli Mngelo Wamkulu. Bambo anga akalamba ndipo akufuna kutula slava chaka chino. Chithunzi cha woyerayo, chimene anasiya agogo awo, achipereka kwa mwana amene azilandira alendo kuyambira tsopano. Woyamba kubadwa ndine. Koma chaka chatha, nditaimirira kutumikira alendo m'malo mwa bambo, a kum anandinong'oneza patebulo kuti, "Makina apakati aja apsa. Wina wangowadyetsa malipiro a mwezi wathunthu." Ndinauza alendo kuti msana wandigwira, ndikukagula mankhwala. Mng'ono wanga Predrag anakandipeza nditakhala pamakina, kunyumba kandulo ya slava ikuyaka.

Bambo sanakalipe. Anangoti, "Mwini slava sakhala pansi kandulo isanazime. Chaka chino ukangokhala, ngakhale kamodzi, chithunzi chikupita kwa Predrag."

China n'chakuti mkazi wanga Radmila anandipatsa ndalama ya nkhumba yowotcha paphwandopo, koma makina aidya, yatsala ya theka la nkhumba. Dzulo anandifunsa, "Nkhumba ija munalipira?" Ndinayankha kuti ikunenepa. Sindikugona, Aphungu. Chithunzicho chikapita kwa mng'ono wanga, sindidzathanso kudzutsa mutu mumsewu wathu.

Ndithandizeni ndi mabuku abwino ndibweze theka linalo. Mundiuzenso ngati n'chilungamo kukakamiza munthu wodwala msana kuimirira tsiku lonse.

V. R., Pirot

Bambo V.,

Mwakana ulaliki, ndiye ndikupatsani maphunziro amene mwapempha, ndipo anga ndi aulere. Ndinakhala zaka zisanu ndi zinayi pawindo la ndalama m'nyumba ya juga ndisanayambe kulemba m'nyuzipepala muno. Anthu a makope ngati inu ndinawaona ambiri. Ena ankabwera ndi mapensulo amitundumitundu, koma onse ankatuluka akupapasa m'matumba.

Phunziro loyamba: makina a poka si firiji, ndiponso si mimba. Sadzadza, sapsa, sasanza. Mukangodina batani, makadi amasakanizidwa mwatsopano, ndipo makina sakumbukira amene anakhalapo mmawa ngakhale atasiyapo ndalama ya maliro a amayi ake. Zonse zimene mwalemba m'kope muja ndi mbiri ya mavuto a anthu ena basi.

Maphunziro enieni alipo, ndipo ndi afupi. Ikani pafoni pulogalamu yophunzitsira poka yosafuna ndalama, imene imakudzudzulani mukataya khadi lolakwika. Funani pa intaneti tsamba limodzi losonyeza makadi oyenera kusunga ndi oyenera kutaya. Mudzaphunzirapo zinthu ngati izi: mukakhala ndi majeki awiri, sungani awiriwo, musamamatire khadi la esi chifukwa choti lakongola. Phunziraninso kuwerenga mndandanda wa malipiro umene uli pagalasi, chifukwa makina ena amalipira mochepa kuposa anzawo pa makadi omwewo. Zatha pamenepo. Buku lililonse loona mtima lidzakuuzani chinthu chimene a kum anaiwala kulemba: ngakhale muzisewera osalakwitsa n'kamodzi komwe, pa makina ngati a m'kabala kanuko mudzaluzabe, kungoti pang'onopang'ono. Makadi asanu aakulu a mtundu umodzi, olipira ndalama yochuluka koposa imene mukuilota, amabwera pafupifupi kamodzi pa masewera zikwi makumi anayi. Nkhumba singadikire zimenezo.

Tsopano za a Svetozar. Mwalemba ndi dzanja lanu kuti amasunga kiyi, ndipo simunamve kanthu? Inu mukudikira kuti makina asanze, chonsecho amasanza Lolemba lililonse, m'thumba la amene ali ndi kiyi. Sindikunena kuti a kum anu ndi mbava. Ndikungoti munthu amene amakolola Lolemba sangadane ndi amene amabzala sabata yonse. Ndipo tsiku lija inu mutathamangira ku bala, iwo anatsala kuti? Anatsala patebulo panu, akudya nyama yanu. Akukudyerani masuku pamutu, bambo, kope munagula lija ndi lisiti chabe. Tsiku lina mudzawafunse mwaulemu kuti iwowo anasewera komaliza liti.

Ndikudziwa kuti kum sakanidwa, ndiye musawakanire. Aitaneni pa slava, muwakhazike pamalo aulemu, mbale yawo isaphwe. Pakamwa podzadza sipanong'oneza. Akayesabe, muwayankhe kuti, "Ngati apsa, a kum, pitani mukakhalepo ndinu, ine ndakusiyirani."

Radmila mumuuze lero, osati mawa. Musadzinamize kuti sakudziwa. Mkazi akafunsa ngati nkhumba munalipira, ndiye kuti wakumana kale ndi mwini nkhumba. Akungofuna aone kuti bodza lanulo linenepa mpaka pati. Adzakalipa, ndipo n'zokuyenerani. Mukatero mugule theka la nkhumba ndi ndalama yatsalayo, muwonjeze kabichi wokulunga nyama ndi nyemba zambiri. Palibe mlendo amene anawerengapo miyendo ya nkhumba patebulo. Ndalama za mafiriji za masabata atatu ano azisunga mkazi wanu, ndipo popita kuntchito muzilambalala siteji ya basi. Mukaona kuti miyendo ikukutengeranibe kuseri kwa katani kuja inu musakufuna, pitani kuchipatala mukaonane ndi alangizi a anthu okodwa mu juga. Pamenepo sindikuseka, amenewo ndi matenda ndipo amachizika.

Funso lanu la msana landiseketsa mpaka khofi kutayikira papepala. Msana umene umaima maola anayi kumbuyo kwa munthu wosamudziwa, popanda wokupatsani ngakhale madzi, ndi womwewo ukulephera kuima kumbuyo kwa mpando wa bambo anu? Mwakhala mukuchita mapulakatisi a slava chaka chathunthu osadziwa. M'banja mwanu monse mulibe wina wokonzekera kuimirira kuposa inu. Ndi chinthu chokhacho chimene kope la a Svetozar lakuphunzitsani, chigwiritseni ntchito.

Pa 21 valani nsapato zofewa, foni muipereke kwa Radmila, muthirire alendo zakumwa mpaka kandulo izime. Bambo anu sanapemphe nkhumba yathunthu. Apempha mwana woti iwo akadzamwalira, pakhomopo padzakhale woimirira.

Chenjezo langa nali, ndipo njira yake mukuidziwa bwino kuposa ine. Kumbuyo kwanu kwaima munthu chaka chonse chino. Alibe kope, sakulemba kanthu, akungodikira mwakachetechete kuti muluze munyamuke, akhalepo iye. Dzina lake ndi Predrag.

Aphungu