Makalata 43 Opanda Nkhoswe

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Ine bondo likuvutabe, koma korona sanatipeze. Lero ndakwanitsa masiku 96 m'nyumba ya mwana wanga kuno kunja, m'dera la Al Sadd. Ndege sizikuuluka, ndipo mtima wanga uli m'mwamba.

Kukhomo loyang'anana ndi lathu kuli gogo wa ku Turkey, timacheza m'Chingerezi titavala mamasiki. Lachiwiri anandionetsa makalata amene mtsogoleri wina wa dziko lawo ankalembera azakhali a gogoyo. Analipo 43, ndinawerengetsa kawiri. Mayiyo anamusungira nyumba zaka zitatu, kumuchapira ndi kumudwazika. Bamboyo atakhala pampando anakwatira wina, ndipo alonda anabweza mayi uja pageti ngati mlendo.

Ndinafunsa kuti, "Nanga ankhoswe anati chiyani?"

Nditamufotokozera ntchito ya ankhoswe, gogoyo anaseka. "Amayi, mboni zake zinali mapepala omwewa basi."

Chiyambire tsikulo ndikungoganiza za Tadala wanu. Chino n'chaka chachiwiri ali m'nyumba ya aphungu aja popanda chinkhoswe. Chonde tumani achimwene, monga malume ake, akaonane ndi akuchimuna mwezi uno usanathe. Akazengereza, mukamutenge mwanayo. Mundiyankhe pofika Lamlungu.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mkulu wanu,
Nachisale