Tsiku Limene Munandikweza Nkhunguni

Chembe,
Mangochi.
16 Seputembala, 2024.

Okondedwa achemwali anga a Mwanabibi,

Asalamu alaikum. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino ku Limbeko pamodzi ndi mwana wathu Hidaya ndi amuna ake, ndiponso kuti matenda anu a shuga aja akhazikika. Ine kuno ndili moyo, Alhamdulillah. Zoti ndili bwino sindinena, chifukwa bodza ndasiyira ena.

Mukudziwa kuti cholembera ine sindinachigwirepo. Akulemba ndi Che Sumani apagolosale, ndipo ndawauza kuti alembe mmene ndikuyankhuliramu, asakometse. Mwakhala mukuimba pafoni ya mwana wanu Sadik, iye n'kumandipatsira, ine n'kumakana. Pafoni mumayamba kulira ndisanamalize, ine n'kuiwala zimene ndimafuna kunena. Pepala sililira.

Lachitatu lapitalo Sadik anandipeza ndikusoka ukonde pansi pa mango amene anabzala amayi, pamalo athu akunyanja paja. Anati ali ndi alendo, mzungu ndi mkazi wake, ofuna kukwera phiri la Nkhunguni m'mawa mwake, ndipo akufuna munthu wachikulire woti akawauze zakale. Ndinati zakale ndingawauze pamthunzi pompano, abwere akhale pabwatopa. Iye anangomwetulira n'kuyamba kunyamuka.

"Ndimadziwa," anatero. "Ndawauza kale kuti amalume akula. Phiri lija simungathe."

"Wati chiyani?"

"Simungathe, amalume. Si chipongwe ayi. Mawondo amatha."

Achemwali, ine amene ndinkakwera phirilo ndi nkhwangwa paphewa anthu a paki ya boma asanabwere kudzaletsa kudula mitengo, n'kutsika nditasenza mitengo ya denga? Ndinamuuza kuti akawauze azungu akewo adye mokwanira, chifukwa sindidzadikira munthu panjira.

Titangoswali m'mamawa ndinavala nsapato zanga zamatayala, chisoti kumutu, ndodo kumanja. Njira yachidule ilipo yodzera kuseri kwa sukulu, koma ine ndinawadutsitsa dala pamsika kuti anthu andione. Ndinkapereka moni mokweza kwa aliyense. Amayi ogulitsa mandasi atandifunsa kolowera, ndinaloza phiri ndi ndodo ndikuseka. Mfundo imeneyi muisunge, ndibwereranso pomwepa.

Phiri lija silinasinthe, likadali lamwano. Pali malo ena umakwera ndi manja ndi mawondo omwe, mphuno itagunda thanthwe. Udzu unali wouma, woterera kuposa matope, ndipo anyani ankatiyang'ana pamiyala ngati tabwera kudzapempha malo. Mzungu wamwamunayo, nsapato zake zikuluzikulu ndi ndodo ziwiri zachitsulo, anafiira nkhope dzuwa lisanakwere n'komwe. Ine ndinali patsogolo. Chifuwa chinkalira pang'ono, koma ndinkatsokomola moyang'ana kumbali.

Chimene sindinachione nthawiyo ndi ichi. Ndikati tiyeni tifulumire tikatsike dzuwa lisanapse, Sadik ankati, "Amalume, tawauzani za mtengo uwu." Ine n'kuima, n'kufotokoza, iye n'kumamasulira. Tikayenda pang'ono, "Amalume, nanga phanga lija munabisalamo mvula?" Ine n'kuimanso. Ndinkati mwanayu wayamba kulemekeza nzeru zanga. Kumeneko n'kuti iye akusuzumira pafoni, kuona ngati anzake kumudzi amaliza.

Tinafika pamwamba dzuwa lili paliwombo. Simunakwereko inu, ndiye ndikuuzeni. Chilumba cha Domwe chimaoneka ngati ng'ombe yogona m'madzi, Thumbi ngati mwana wake, ndipo mudzi wathu wonse umangokhala kamzere m'mbali mwa mchenga. Mabwato ngati nthanga za dzungu. Ndinaimirira pathanthwe n'kumufunsa Sadik kuti, "Unati ndani sangathe?" Azungu anaomba m'manja. Sindibisa, mtima wanga unakoma kwambiri.

Kenaka mayi wachizungu uja anandipatsa magalasi ake oonera patali. Sadik anati, "Asiyeni, maso awo sangazolowere," n'kutambasula dzanja kuti alande. Ine ndinamukankha ndi chigongono. Ndinayamba ndi mzikiti, ndinaupeza. Ndinatsata mchenga mpaka ndinapeza mango a amayi.

Pansi pake panali lole. Amuna ankazula mathandala athu oyanikira usipa n'kumaunjika nsungwi zake pambali. Ena ankakumba maenje, ena kuimika mizati, ena kukoka waya. Bwato langa ankalikwekweretsa pamchenga ngati galu wakufa. Ndinaona mayi wina ataima manja ali kumutu, ndipo nsalu yake ndinaizindikira. Anali Rahma, mwana wa malemu mng'ono wanu, amene amadyetsa ana ake ndi mathandala omwewo.

Munthu wa lolelo mukumudziwa. Ndi Willard wa ku Lilongwe uja, amene wakhala akubwera ndi botolo la Fanta kudzandinyengerera kuti amangepo loji. Nthawi zonse ndinkamuyankha chimodzimodzi: malowa si anga, ndi a mbumba ya amayi anga, ine ndine mlonda chabe. Ndipo mukudziwa mwambo wathu. Mwinimbumba ataima pamalo ndi mapazi ake n'kunena kuti ayi, palibe angaimike mzati ngakhale atabwera ndi mapepala odzaza dengu. Mapazi angawo ndi amene munawachotsapo.

Sindinakuwe. Kukuwa pamwamba pa Nkhunguni angakumve ndi akhwangwala. Ndinabweza magalasi, ndinathokoza mwini wake, ndinaswali pathanthwe pomwepo chifukwa nthawi inali itakwana. Zimene ndinamuuza Mulungu sindikuuzani.

Za katsikidwe kanga musamvere za anthu. Akunena kuti Sadik anandibereka kumsana. Anangondigwiriza pamalo otsetsereka basi, poti bondo lakumanzere linachita mwano pang'ono. Tili m'njira choncho, azungu atatsogola, ndinamufunsa chapansipansi.

"Nzeru imeneyi wakupatsa ndi Willard?"

Anapitiriza kutsika, akungopumira m'mwamba.

"Ndikufunsa iwe, mwana wa mlongo wanga."

"A Willard ankafuna kuti tikutengereni ku chipatala ku Mangochi, tiname kuti kwabwera adokotala a maso. Amayi ndi amene anati simungalole. Anati, ukangomuuza kuti sangathe, adzanyamuka yekha."

Mawu amenewa ndinawamva akudutsa mumsana mwake kufika pachifuwa panga. Che Sumani ayamba kundiyang'ana apa, koma ndawauza kuti alembe zomwe amva, asafunse.

Achemwali, padziko lonse lapansi munthu wodziwa chingwe chimenechi ndinu nokha. Ndinu munandiuza tili ana kuti sindingathe kukwera mlambe wa kuseri kwa manda, ndipo dzanja ili mpaka lero silitambasuka bwino. Ndinunso munandiuza kuti sindingathe kufunsira Khadija chifukwa bambo ake anali ndi maukonde ambiri. Ndinapita tsiku lomwelo, ndipo ndinakhala naye mpaka ndinamuika m'manda ndi manja anga. Chifukwa cha Khadija ndinkati mawu anu aja ndi mankhwala. Sindinkadziwa kuti mukuwasungiranso ntchito ina.

Tsopano ndibwerere pamsika paja. Titatsika, ndinakumana ndi abiti Ajira akuchokera kuchigayo. Anandigwira dzanja mwachisoni.

"Mwachita bwino kuchokapo, Che Omari. Zoterezi zimapweteka kuonerera, ngakhale munthu utavomera wekha."

"Ndani wavomera?"

"Aa, si inu? Tonse tinakuonani m'mawa mukupita kuphiri mukuseka. Anthu a lole aja anatiuza kuti mwinimbumba walola, koma wati agwire ntchitoyo iye kulibe."

Mwaona? Moni wanga uja, kuloza kwanga ndi ndodo kuja, ndiye kunasanduka chidindo changa. Lero ndikati sindinavomere, akuluakulu akumudzi akungoyang'ana pansi, ena akuti mkuluyu wadya zake, tsopano akufuna zina. Ine amene ngakhale Fanta wa Willard sindinamutsegulepo.

Zifukwa zanu ndazimva. Mankhwala anu ndi odula, ndipo Sadik amulonjeza kuti adzakhala woyang'anira alendo palojipo. Sindine mwala. Mukanakwera basi n'kubwera kudzakhala pamphasa panga, n'kundiuza zimenezi maso ndi maso, ndikanakana, inde. Tikanakangana mpaka anansi kutuluka m'nyumba. Koma tikanakangana ngati ana a mimba imodzi, ndipo Rahma akanakhalapo n'kunena zake. Inu munasankha kundikweza phiri ngati mbuzi yoimangirira kutali tsiku lopha mwana wake.

Masiku ano ndimasokera ukonde kunja kwa waya, padzuwa. Mlonda amene amuika pamenepo ndi mwana wa mnzanga wakale, ndiye akandiona amapita kukalondera mbali ina. Rahma akuyanika usipa wake pamchenga, ndipo ogula akumudula mtengo chifukwa cha dothi. Sindikupempha kanthu kanga. Koma pa zimene mwalandirazo mumukumbukire mwana ameneyu, chifukwa mayi ake anayamwa bere lomwe munayamwa inu.

Mundiperekere moni kwa Hidaya, mumuuze kuti amalume ake akadali olimba, anakwera Nkhunguni mpaka pamwamba. Moni kwa apongozi athu ndi zidzukulu zonse, aliyense ndi dzina lake. Sadik musade naye nkhawa, akubwera m'mawa uliwonse ndi madzi otentha othowera bondo, ndipo ndimamulola, ngakhale sindimuyankhula. Mankhwala anu muzimwa pa nthawi yake, tiyi wothira shuga musiye, ndikukudziwani.

Mango a amayi sanawadule. Akuti alendo amakonda mthunzi. Achita maluwa ambiri chaka chino kuposa kale, koma dengu lija ndimakutumizirani mu Disembala musalidikire. Mukawafuna mupemphe kwa a Willard.

Mukadzabwera, khomo langa mukulidziwa, ndipo mphasa ndidzayala. Chimodzi chokha, achemwali: musadzandiuze kuti sindingathe kukukhululukirani. Njira imeneyo ndaidziwa tsopano kumene imathera.

Ndine mlongo wanu,

Omari Iddi