Kadontho ka Ivan

Terça (Lachiwiri)

Ercília, 07:12
ivan galimoto ya boss wako ili kuti? masaka a usipa angounjikana pakhonde kuno ku Chiwanga. mvula sikukata

Ercília, 07:14
ayamba kununkha. ntchentche zake, ngakhale tiyi sakumweka

Ivan, 09:40
mana, mlongo wanga, galimoto yachaninso? kajumbo kamodzi mungopatsa driver wa chapa, minibus za kwanuko zija

Ercília, 09:41
kajumbo?? unalemba wekha 1.500 kg. mil e quinhentos, tani yathunthu ndi theka. ndinatolera usipa wa azimayi onse a pagombe, wina wosauma bwino, poti unati urgent

Ivan, 09:55
mayo ine

Ivan, 09:56
1.500 ndi kilo ndi theka mana. one point five. ndinalemba mmene imaonetsera sikelo ya mu shop yathu ku Lilongwe kuno. boss amangofuna sample alawe kaye

Ercília, 09:57
kilo ndi theka ndi 1,5. vírgula, comma imeneyo. ponto, kadontho kakoko, ndi ya ma mil, ndi mwana wa primeira classe yemwe amadziwa

Ivan, 10:03
ku Malawi nzosemphana. kadontho ndi ka decimal, comma ndi ya thousand. amwene anga a ku Joni akuti kwawo ma thousand amangosiya mpata

Ercília, 10:04
ndakufunsa za ku Joni ine?

Ercília, 10:06
[mawu 2:18]

Ercília, 10:31
wamvera? akukuwa kumbuyoko ndi aJoaquina. anandipatsa usipa wawo wonse chifukwa ndinalumbira kuti mlongo wanga sanama

Ercília, 13:20
ivan

Quarta (Lachitatu)

Ercília, 06:48
[chithunzi]
si mpunga umenewo. ndi mphutsi. ndasanza kawiri potsegula saka

Ercília, 06:50
alendo a pa guesthouse yoyandikana nafe asamuka ndi fungo. kumsika ku Metangula ndikudutsa chozolika

Ivan, 11:15
sorry mana plz. ndamufotokozera boss, waseka kwambiri

Ercília, 11:16
waseka

Ivan, 11:22
akuti sample ija mutumizebe. ndilembe bwino tsopano: 1,5 kg. akaukonda next month atenga wambiri

Ercília, 15:37
tafukula masaka onse ndi aJoaquina, mphuno titamanga nsalu.

Ivan, 15:39
nde mwapeza?

Ercília, 15:52
muuze boss wakoyo kuti pa ma kilo mil e quinhentos palibe kilo ndi theka yoti munthu angadye. tikukumba dzenje