Ng'ala Yanga, Miyendo ya Achemwali

Lolemba, 3 Malichi

Ng'ala m'maso onse awiri. Atero adokotala lero. Ayamba ndi lamanzere mwezi wamawa, ndipo akuti akandichita opaleshoni, osawerama, osanyamula ndowa, mankhwala odontheza m'diso pa nthawi yake. Kenako funso: "Kunyumba mumakhala ndi ndani, mayi?" Ndati ndimakhala ndi makina anga osokera. Sanaseke.

Pobwerera ndadzera pakhonde la sitolo pomwe ndinayambira utelala. Pano akugulitsapo mafoni. Msomali womwe ndinkakolowekapo madiresi ukadali pamzati.

Lachitatu, 5 Malichi

Mwana wanga wachisamba wabwera ndi mpongozi wanga. "Amayi, basi mubwere muzikhala kwathu." Chipinda chilipo, chija amasungiramo katundu. Mtima wawo ndi wabwino, sindikukana. Koma onse amachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litapendeka, makwerero a nyumba ija maondo anga amadana nawo, ndiye makina akuti alibe malo.

Makina amenewa malemu bambo ake anabwera nawo panjinga, chokankha, thukuta lili kamukamu, iyeyu ali kumsana kwanga. Anangoti, "Mumati mumadziwa kusoka, tiwone." Yunifolomu yoyamba ya mwanayu inatuluka pamenepa, mkono wina wautali kuposa unzake. Ndamukumbutsa. Waseka, kenako wayang'ana wotchi.

Lachinayi, 6 Malichi

Mvula tsiku lonse. Sindinasoke.

Loweruka, 8 Malichi

Ndapita kukazonda achemwali. Nawonso okhaokha chimwalirire alamu. Ndapeza ndowa ya madzi ili pakati pa njira yopita kukhitchini. Akuti inawakanika pomwepo dzana, akungotunga ndi kapu. Matenda a shuga awatupitsa miyendo. Koma maso! Awerenga timalemba ta pa botolo la mankhwala anga popanda magalasi, n'kunditukwana kuti ndakhala ndikumwa nthawi yolakwika.

Takumbutsana za kale. Bulangete limodzi lija, iwo kulikoka, ine kulira. Malaya ong'ambika a bambo omwe anandiphunzitsirapo kugwira singano, akundimenya zala ndikalumphitsa. Taseka mpaka misozi.

Ndikutsanzika ndi pomwe anena, maso ali kumbali, kuti mwezi watha anagwa m'bafa. Anakhala pansi mpaka madzi anawaumira m'thupi. Mwana wawo wamkazi sanamuuze. "Ali ndi ake ana. Nawenso utseke pakamwa."

Lamulungu, 9 Malichi

Sinditseka pakamwa.

Ndatsegula chipinda cha malemu. Jekete lawo likadali ndi kafungo ka mafuta a njinga. Ndakhala nalo pamiyendo nthawi ndithu. Kenako ndalipinda, ndasesa, ndatsegula zenera. Bedi ndi lolimba, ndipo bafa lili pafupi.

Ndawaimbira achemwali kuti abwere tizikhala limodzi. Ayankha kuti, "Wakhungu ndi wolumala, tidzapsereza nyumba." Koma kukana sanakane.

Lachiwiri, 11 Malichi

Tinakhala anayi pabalaza: ine, achemwali, wachisamba wanga ndi mwana wawo wamkazi uja. Za kugwa m'bafa ndanena ndine. Achemwali andiyang'ana ndi diso lija ankandiyang'ana ndikawanenera kwa amayi. Mwana wawo walira.

Wanga anali ndi nkhope yolemera. "Anthu adzati chiyani, kuti ndataya mayi anga?" Ndamuuza kuti anthuwo sadzabwera kudzandidontheza mankhwala m'diso. Kenako wati aitana kalipentala akhome chogwirira m'bafa, achotsenso chiunda cha pakhomo kuti achemwali asamapunthwe. Masiku a kuchipatala azititenga iyeyo. Mwana wa achemwali azibwera Loweruka, ndipo aliyense akhale ndi kiyi wake.

Ine ndimaganiza kuti tamaliza. Achemwali agogoda tebulo. "Mumve ndikadali ndi nzeru zanga. Tsiku lomwe ndidzalephere kudzuka ndekha, uyu asadzandinyamule, msana wake ndi wa bango. Mudzanditengere kwa mwana wanga. Akayamba kulephera ndi iyeyu, apite kwa wake. Osadzakokanakokana pamutu pathu."

Palibe amene anafuna kuzimva, koma tavomera. Ine ndawonjezera kuti makina adzapite kwa mpongozi wanga, paja amawasisita nthawi zonse akabwera.

Lachitatu, 12 Malichi

Kalipentala wagumula chiunda. Malemu anachimanga okha, chokhota, n'kumalimbikira kuti chokhota ndi diso langa. Ana onse anaphunzirira kukwawa pamenepo. Ndinapita kuseri kukachapa kuti ndisaone.

Lachisanu, 14 Malichi

Achemwali afika masana. Masutikesi awiri, wailesi, mpando wawo wa ndalema, ndi miphika yomwe ndinawauza kuti asiye. Asanavule n'komwe nsapato anali atapeza kale kangaude pa siling'i yemwe ine sindimamuona. Makapu anga akuti ndimaika patali. Mchere ausamutsa.

Ndapita kukhitchini kukatereka madzi, ndikung'ung'udza chamumtima kuti kodi ndadziputira chiyani. Ndiye mawu achokera kuchipinda kuja, okwera ngati mwini nyumba:

"Kamakani! Tabwera undikwezeko phazi ili."

Kamakani. Chimwalirire amayi palibe anandiitanapo dzina limeneli. Ngakhale malemu sankalidziwa.

Ndavomera ndisanaganize, ketulo ili m'manja.