A Levulo ndi Botolo la Amayi

Lolemba, 2 Juni

Kuchipatala ndi Amayi ndi Ababa. Ng'ala ya diso lakumanja yakhwima, lakumanzere nalo likutsatira. Adokotala akuti opaleshoni pa 19, koma pokhapokha shuga atatsika. Lero kamakina kasonyeza 15. Akufuna pansi pa 10 pofika pa 18, apo ayi atichotsa pamndandanda, tidikirenso miyezi isanu ndi itatu. Isanu ndi itatu! Munthu akuthira kale tiyi pambali pa kapu, ine mwana wawo akundizindikira ndi mawu basi.

M'basi ndawakalipira njira yonse, pakamwa pangapa ndimapadziwa. Amayi: "Mankhwala ndimamwa, tiyi ndimamwa wopanda shuga, ukufuna ndizidya mphepo?" Ababa ziii pawindo, akuyang'ana makoma a eni ake. Anzawo a ntchito sanalakwe kuwatcha a Levulo, dzina la chida choonera ngati khoma lawongoka. Zaka makumi anayi akumanga nyumba, salankhula chinthu asanachiyeze.

Lachiwiri, 3 Juni

Ndatseka saluni masana, ndapita kwathu kukachita chipikisheni. Kukhitchini kulibe kanthu. Kuchipinda, m'kabati ya zovala, kuseri kwa nsalu zopinda: botolo la chokoleti chija chopaka pabuledi, supuni ili momwemo. Latsala pang'ono kutha. Koma abale!

Ndawafunsa amene amawagulira, poti iwo sangafike kusitolo okha. Ati, "Chimagwa kumwamba." Ndalowetsa botolo m'chikwama changa, ndalankhula zambiri, zina sindingazilembe muno. Ndinati mwina akufuna kufa osaona. Anangotembenukira kukhoma.

Lachitatu, 4 Juni

Amayi sakundilankhula. Chakudya chamasana akana. Shuga 15 pomwepo.

Lachinayi, 5 Juni

Ababa andiimbira m'mawa, chinthu chimene sachita. "Mama, ubwere ndi botolo lija ndi maso ako."

Ndawapeza m'kashedi ka zida kuseri. Sindinalowemo zaka. Pashelefu mabotolo ndandanda, misomali ya inchi imodzi, ya ziwiri, ya zinayi, masikuluwu, mawashala, lililonse ndi kapepala kake. Mabotolo onse ofanana, chivindikiro choyera. Ndinawerenga kufika 40 ndiye ndinasiya.

Sanadikire kuti ndifunse. "Ndimagula ndine. Atatu pamwezi." Akuti zinayamba maso atayamba kuchita mdima, Amayi atasiya kusoka. Ankangokhala pampando osadya, osaseka. Tsiku lina Ababa anaona botolo m'sitolo, pachithunzi pali mtedza ndi kapu ya mkaka, anati ichi ndi chakudya chopatsa mphamvu. Amayi atalawa anamwetulira koyamba patapita miyezi. "Ndiye ndikanasiya bwanji?"

Ndinali nditakonzeka kupsa mtima. Iwo anangotenga pensulo ya kukhutu ndi pepala la thumba la simenti. "Tiwerengere timalemba tating'onoto. Pang'onopang'ono."

Pa magalamu 100: shuga 56, mafuta 31. Mtedza wake ndi uja wa m'mitengo amati hazelinati, 13. Mkaka wa ufa 8. Koko 7. Ine ndinaphatikiza msanga, ndinati Ababa, zikukwana 115, anthuwa ndi abodza. Anagwedeza mutu. "Mchenga wonyowa umabwera ndi madzi ake. Ukamathira madzi mukonkire umachotsako amenewo. Mtedza nawo wabwera ndi mafuta ake, mkaka ndi shuga wake." Ha! Munthu analekeza sukulu ali mwana, koma kundiposa ine wa satifiketi.

Kenako anafunsa kuti botolo lonse ndi magalamu angati. 400. Supuni ya tiyi ya shuga? Ndinayang'ana pafoni, 4. Analemba, anafufuta, analembanso. Masupuni 56 m'botolo limodzi. Anayang'ana shelefu ija nthawi yaitali, n'kunena chapansipansi, "Ine ndikawapangira tiyi ndimawamana supuni imodzi."

Lachisanu, 6 Juni

Ndimafuna ndikawauze Amayi manambala. Ababa akana. Ati mwini nyumba sumamuuza kuti khoma lapendama, umamupatsa levulo agwire yekha.

Atsuka botolo limodzi la misomali, aliumitsa padzuwa. Ayala nyuzipepala patebulo ngati akuyamba maziko. Shuga masupuni 56, akuwerenga mokweza, supuni iliyonse akuisalaza ndi mpeni. Wadzaza kuposa theka. Pamwamba adula kapulasitiki kozungulira, ngati kaja amayala pamaziko kuti chinyezi chisakwere. Mafuta ophikira awamanga m'kajumbo kakang'ono. Kenako mkaka wa ufa, koko, ndi timtedza towerengeka, zonse zikuchita kupanikizana pakhosi pa botolo.

Ndinati zakongola, koma Amayi aona bwanji? Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. Anatulutsa chingwe chawo chomangira, chija amakoka poyala njerwa, n'kuzunguliza kunja kwa botolo pamene pathera shuga, mfundo imodzi. Pamene pathera mafuta, mfundo ziwiri. Ndakhala ndikuwaona bambo amenewa moyo wanga wonse, koma lero ndinawayang'ana manja ngati ndi mlendo.

Loweruka, 7 Juni

Kusaluni kunali anthu, ndafika madzulo dzuwa likanalipo. Anandidikira.

Amayi pampando wawo wa pawindo. Ababa anakoka kampando, anawaika botolo m'manja. "Mayi, yambirani pansi. Kwerani ndi chala mpaka mupeze chingwe." Chala chikukwera, chikukwera. Amayi: "Chingwe chake chili kuti?" "Kwerani." Atachipeza anafunsa kuti zonsezi n'chiyani. "Shuga." Mfundo ziwiri? "Mafuta." Nanga mtedza? Ababa anawagwira chala n'kuchiika pansi pa chivindikiro penipeni.

Amayi anapukusa botolo pafupi ndi khutu. Shuga anachita waa.

"Mwandinamiza zaka ziwiri, a Levulo."

"Ndinadzinamiza ndekha, mayi. Ndinagula nyumba poona penti."

Ndimayembekezera mkangano. Amayi anangoti, "Ndiye mundipatsa chiyani? Masana amatalika, inu simudziwa. Munthu wosaona alibe chochita, pakamwa pokha ndi pomwe pamamuuza kuti ali moyo." Zinandilasa. Ine sabata yonse ndakhala ndikukuwa za manambala, sindinafunsepo kuti tsiku lawo limatha bwanji.

Ababa: "Ndikumangirani china."

Amayi adya chakudya chamadzulo chonse. Andifunsanso za kasitomala wanga uja wa tsitsi lovuta, ndiye kuti tagwirizana.

Lamulungu, 8 Juni

13. Ndavina pakhonde.

Lachiwiri, 10 Juni

Ababa ayenda masitolo atatu wapansi kufuna hazelinati, mpaka aupeza. Abwereka bulenda yanga. Khitchini ya Amayi yasanduka saiti yomangapo nyumba: sikelo, pensulo, mabotolo anayi olembedwa 1, 2, 3, 4.

Nambala 1. Akazinga mtedza, aupukusa mpaka watuluka mafuta, athira koko. Fungo lake, mayo! Koma ati chalimba, sichingayende ndi mpeni. Ndisanatsegule pakamwa, atunga madzi pakapu, thi! ngati akufewetsa matope omangira. Pompo chinthu chija chagwirana, bulenda yalira ngati ikufa. Awonjeza madzi, chalimbiratu. Iwo osatekeseka, achipakira m'botolo, avundikira ndi kansalu konyowa, ati chikhwime mpaka mawa.

Lachitatu, 11 Juni

Nambala 1 yakhwimadi. Supuni yapindika. Amayi agogoda ndi chikhadabo, ati, "Bambo, ichi mukaikire pakona ya bafa paja panagumuka." Aseka mpaka kutsokomola, misozi mbwee. Kuseka kumeneku ndinakuiwala.

Ababa sanaseke, alemba papepala lawo: "Madzi ayi." Andifunsa chifukwa chake. Ndati chokoleti ndi madzi sizigwirizana, ndinamva kwa mayi wina wophika makeke amene ndimamuluka. Ati ndikamufunse bwino, mutu umodzi susenza denga. Bambo wa zaka 71 kufunsa nzeru kusaluni, popanda manyazi ngakhale pang'ono. Ine ndikalakwitsa tsitsi la munthu ndimanamizira mankhwala.

12 m'mawa.

Lachisanu, 13 Juni

Nambala 2 yowawa ngati mankhwala a malungo, Amayi alavula. Nambala 3 athira mkaka wa ufa wambiri, ikumata m'kamwa.

13 kachiwiri. Yakwera bwanji? Ndinayambanso kufufuza m'makabati, Amayi akumva zitseko. Ati, "Fufuza, mwanawe, ukapeza undigawireko." Sindinapeze kanthu, manyazi anandigwira. Ababa akuti kuona maso a nkhono n'kudekha, khoma silowongoka ndi mzere umodzi. Ayamba kuyenda nawo m'mawa ndi madzulo, kuzungulira mpaka pa mpopi ndi kubwerera, Amayi atagwira chigongono chawo. Amawauza nyumba iliyonse: iyi denga lake lidzadontha, iyi anaba simenti. Amayi akuti miseche ya makoma ndi yokoma kuposa ya anthu.

Masiku atsala asanu.

Loweruka, 14 Juni

Nambala 4! Mtedza wambiri, koko pang'ono, kamchere, shuga masupuni anayi botolo lonse. Mafuta osathira, ati mtedza wabwera ndi ake. Amayi alawa kunsonga kwa supuni, ife tikuwayang'ana pakamwa. "Sichifika pa chija." Ababa nkhope yagwa. "Koma chikumveka mtedza. Chija sindinaumvepo mtedza." Apempha kachiwiri, Ababa akana, ati mpaka anesi avomereze pulani.

Lolemba, 16 Juni

Ababa apitadi kuchipatala okha, pepala la simenti m'thumba la jekete. Akuti anesi a matenda a shuga anawerenga, anaseka, anaitana anzawo. Alola supuni imodzi ya tiyi patsiku, pa buledi wabulauni, osapitirira, poti mafuta a mtedza nawonso ndi mafuta. Ababa agula kasupuni kake, akamangira chingwe kuchivindikiro.

11.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndapanga tiyi, mwachizolowezi ndathira masupuni atatu m'kapu ya Ababa. Aikankhira kwa ine. Amayi ndi amene andiuza: asiya shuga kuyambira tsiku la botolo lija. Iwo amene ankati tiyi wopanda shuga ndi madzi otsukira mbale! Sanauze munthu. Amayi anadziwa chifukwa supuni inasiya kulira m'kapu.

11 pomwepo. Mawa.

Lachitatu, 18 Juni

Pabenchi ya chipatala kuyambira 7. Amayi atavala diresi yawo yabuluu. Anesi abaya chala, ine ndatseka maso.

9.4.

Ndinakuwa, anthu anatembenuka, sindisamala. Anesi ati mawa 8 koloko, asadye kanthu. Amayi akungoti zikomo, zikomo, kwa aliyense, ngakhale kwa bambo wokolopa.

Potembenuka Ababa palibe. Ndawapeza panja atayang'ana khoma la chipatala, akuligogoda ndi chala. Ati pulasitala wake ndi wabwino, anthu ake ankadziwa ntchito. Mapewa akunjenjemera. Ndinaima pambali pawo, nanenso ndinayamikira pulasitala.

Lachinayi, 19 Juni

Zatheka. Mphindi 40. Diso lamatidwa, achotsa mawa.

Lachisanu, 20 Juni

Achotsa bandeji m'mawa. Amayi aphethira, aphethira, ayang'ana ine. "Iwe, tsitsi lofiirali ndi la chiyani?" Chaka chathunthu ndili nalo! Kenako ayang'ana Ababa nthawi yaitali. "Mwakalamba liti, inu?" Ababa ati dzulo.

Kunyumba sanafune kugona. Ati ndibweretse botolo la zingwe. Aliimika pawindo, diso limodzi lotsegula, akulitembenuza. Shuga mbuu mpaka pa mfundo yoyamba, timtedza tija pamwamba.

"Zonsezi ndinkadya ine?"

"Ndinkakupatsani ndine, mayi."

"Munkandipatsa chifukwa ndinkalira." Andipatsa botolo. "Ika pamwamba pa kabati, pafupi ndi chithunzi cha ukwati. Asalichotse munthu."

Kenako apempha nambala 4 ndi buledi. Ababa atenga mpeni kuti awapakire monga mwa masiku onse, Amayi awalanda. Adula okha, mzere wowongoka. Atunga ndi kasupuni ka chingwe, asalaza pamwamba ndi mpeni monga amachitira Ababa, apaka mpaka m'makona. Adula pakati. Theka aika m'mbale ya Ababa.

"Idyani, a Levulo. Ndikuonani."